Asilikali Amene Anatentha Mapazi a Amalume Selemani

Pa sadaka ya arubaini, yokumbukira masiku makumi anayi chimwalirire amalume anga a Selemani, Loweruka lapitali, ndinatsala pang'ono kuponya mbale ya mpunga pansi. Mkulu wina wa kumzikiti anaimirira n'kuuza khamu kuti malemu anali munthu wofatsa, wosadziwa mkangano, amene anazunzika ndi nyamakazi mpaka Mulungu anawapumitsa. Anthu n'kumagwedeza mitu, mpunga uli tho m'kamwa. Wofatsa? A Selemani, telala amene anakangana ndi theka la Nkhotakota, theka linalo n'kulisungira mawa? Koma bodza limenelo ndikanalimeza, poti pamaliro aliyense amasanduka nkhosa. Limene linanditsamwitsa ndi la nyamakazi. Amalume anali ndi kachilombo ka HIV. Ananena okha, masanasana dzuwa likuswa mtengo, ndipo amene anamva tsiku limenelo ndi omwewa anali pamkeka Lowerukali, akudya ngati sanamvepo kanthu.

Kuseri kwa nyumba, kumene tinakhala azimayi, zinali zoipirapo. A Asiyatu, mchemwali wawo wamkulu wa amalume, amene kwa ine ndi amayi aakulu, anakweza mawu dala kuti alowe pawindo.

"Akanatimvera kalekale, bwenzi pano ali moyo. Wa ku Chia uja ntchito yake wamaliza."

Wa ku Chia uja ndi a Mwanaisha, akazi awo a malemu. Anali m'nyumba, pa eda, miyezi ija namfedwa wachisilamu amabindikira. Sakanatuluka kudzayankha pagulu, ndipo a Asiyatu ankadziwa zimenezo. Eda ikatha akufuna kuwathamangitsa m'nyumbamo, monga anayesera zaka zapitazo n'kulephera. Munthu amene anawalepheretsa nthawi imeneyo ndi amene tamuika m'manda. Ndakwiya, ndipo sindibisa. Ngati abale agwirizana zoiwala, ine ndinena mmene munthuyu analiri.

Amalume ankasokera pakhonde la nyumba yawo, m'mbali mwa msewu wotsikira kudoko. Makina awo anali achikale, akuda, a chopondera, ndipo ankaponda opanda nsapato. Ankati telala wovala nsapato ndi gonthi, chifukwa makina amayankhulira kuphazi: ulusi usanaduke, singano isanathyoke, phazi limayamba lamva. Mapini ankawasunga pamilomo, ndipo ankatha kumutukwana munthu mpaka kukafika kwa agogo ake popanda kugwetsa ndi imodzi yomwe.

Msodzi akabwera ndi kabudula wonunkha usipa ankamubweza kuti akayambe wachapa, ati makina awo si thandala loyanikira nsomba. Anyamata a kabaza ofuna mathalauza othina ankawafunsa ngati akufuna kuvala kapena kumangidwa. Ndi shehe anakhalapo osayankhulana Ramazani yathunthu chifukwa cha mkanjo. Shehe ankati wafupika, amalume ankati mkanjo ulibe mlandu koma mimba ndi imene yakula n'kuukweza. Komabe Idi ikayandikira anthu omwewo ankadzaza khonde mpaka kumsewu, chifukwa msoko wa a Selemani unkakhalapobe nsalu yonse itatheratu.

Munthu mmodzi yekha amene sankamukalipira anali a Mwanaisha. Anakawakwatira ku Chia, kwa alimi a mpunga, ndipo Mulungu sanawapatse mwana. Kwa achemwali awo a amalume umenewo unali mlandu woyamba. Wachiwiri unali woti mayiwa sayankha akamanyozedwa, ndipo kwathu kuno munthu wosayankha timamuganizira kuti akuphika kena kake mumtima. Azimayi akabwera kudzasoketsa, a Mwanaisha ndi amene ankawayeza ndi tepi, amalume atatembenukira kumsewu n'kumakangana ndi odutsa.

Kachilomboko anakatenga ku Dwangwa, zaka zimene ankapita kukasoka maovolosi a anthu odula nzimbe. Anali ndi mkazi wina kumeneko. Sindikuwanamizira poti agona, anaulula okha. Anadwala mpaka kutsala mafupa okhaokha, mwamwayi nthawi imene mankhwala otalikitsa moyo anali atafika kale m'zipatala. Anayamba kumwa mobisa. Amene ankadziwa ndi a Mwanaisha, amene anayezetsa n'kupezeka kuti alibe, kenaka ine, chifukwa kuyenda kutayamba kuvuta ndinkawaperekeza kuchipatala. Anandilumbiritsa kuti ndisatsegule pakamwa. Ankaopa chinthu chimodzi, kuti anthu akamva sadzavalanso chovala chodutsa m'manja mwawo.

Thupi linabwerera, masaya anadzaza, anthu n'kumati a Selemani achira malungo aja. Koma mapazi anakana. Zinayamba ndi dzanzi kuzala, ngati munthu wakhalira mwendo. Kenaka kubaya, ankati wina akuwasoka ndi singano kuchokera mkati. Kenaka kuyaka, kofanana ndi kuponda mchenga wa kunyanja masana a chilimwe popanda mthunzi wothawirako. Ngakhale nsalu yofunda ikangokhudza zala ankabuula. Chodabwitsa n'chakuti tsiku lina khala linagwa m'simbi n'kutera paphazi pawo, iwo n'kumapitiriza kusita mkanjo, mpaka a Mwanaisha anamva fungo la khungu lopserera. Moto umene kunalibe ankaumva, moto weniweni osaumva.

Kuchipatala chitetezo cha m'thupi amachitchula kuti asilikali, kuti anthu timve msanga. Tsiku lina adokotala, mayi wachichepere ndithu, anayang'ana zotsatira za magazi n'kumwetulira.

"Bambo, asilikali anu achuluka. Mankhwala akugwira ntchito."

"Achuluka akutani? Akumwa tiyi?" anatero amalume. "Ine mapazi akupsa kuno, inu mukundiwerengera asilikali. Msilikali wanji woonerera nyumba ikuyaka?"

Ndinachita manyazi, koma adokotalawo sanakwiye. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nawo.

"Sakuonerera, bambo. Ena mwa iwo ndi amene akuyatsa. Amene timawerenga ife ndi gulu limodzi chabe. Alipo ena, akuluakulu, ntchito yawo ndi kumeza zoipa zolowa m'thupi. Kachilomboka kamalowa mwa iwowo n'kubisala. Ndiye amakwiya, amasonkhana mozungulira mitsempha, makamaka pamene imachokera m'mbali mwa msana, n'kumalavula poizoni woti aphe mdani. Poizoniyo ndi amene amadya mtsempha."

"Mtsempha wa magazi?"

"Ayi, wonyamula uthenga, umene umakuuzani kuti mwaponda minga. Wa kuphazi ndi wautali kuposa yonse, ndiye umayamba kufa ndi kunsonga. Pamene pafa kale simumvapo kanthu. Pamene pakufa kumene ndi pamene pakutumiza uthenga wabodza woti mukupsa."

Anawonjezera kuti mtundu wa mankhwala umene ankamwa nthawi imeneyo nawonso unkawononga mitsempha yomweyo, ndipo awasinthira. Anawapatsanso mapiritsi oziziritsako motowo, n'kunena mosabisa kuti mankhwala otalikitsa moyo asawasiye, chifukwa kachilombo kakachepa asilikali aja amafatsako, ngakhale kuti mtsempha umene unafa mwina sudzadzukanso. Pomaliza analangiza kuti wina aziwayang'ana kunsi kwa mapazi tsiku ndi tsiku, ndipo chilichonse chakuthwa chizichotsedwa pamene amaponda.



"Ndiye kuti khoswe wakhala pamkhate," anatero amalume, "asilikali anga n'kuswa mkhatewo."

"Mukhoza kutero."

"Asilikali opusa."

Njira yonse yobwerera kunyumba ankawatukwana asilikali awowo chamumtima, mwina n'kutulukira pakamwa, mpaka wa kabaza anacheuka poganiza kuti akunena iye.

Mankhwala atasinthidwa moto unachepako, koma dzanzi linakhazikika. Chopondera sankachimvanso, msoko unayamba kukhota, ndipo kwa a Selemani msoko wokhota unali imfa. M'mawa wina a Mwanaisha anatulutsa kampando kachiwiri, anakhala pambali pawo, n'kuika mapazi awo olimba ndi matope a m'dambo pachopondera. Kuyambira pamenepo amalume ankayendetsa nsalu, a Mwanaisha n'kumaponda. Akati "tiyeni" gudumu linkazungulira, akati "basi" linkaima. Odutsa ankaseka kuti ku Nkhotakota kwabwera telala wa miyendo inayi. Amalume ankawayankha kuti bola wa miyendo inayi kusiyana ndi wa mutu wopanda kanthu.

A Mwanaisha anamveranso malangizo ena aja. M'mawa uliwonse, amuna awo asanatuluke, ankagwada pakhonde n'kumasisita pansi ndi chikhatho, kutola mapini ogwa ndi tizidutswa ta singano zothyoka. Kudzala sankataya, poopa kuti mphepo kapena nkhuku zingazibwezere pabwalo. Ankakumba kadzenje kuseri, pansi pa mtengo wa ndimu, n'kuzikwirira.

Tsopano kwathu kuno mapazi a munthu akamayaka popanda bala, yankho timakhala nalo kale: waponda. Wina wamutchera mankhwala panjira. A Asiyatu anali atayamba kale kuimba nyimbo imeneyi. Atamva kuti kuchipatala akuti ndi mitsempha, anabwera ndi munthu wa lumo kuti ateme mphini, magazi oipa atuluke, ndipo amalume anamupirikitsa ndi simbi yamoto. Ndiye m'mawa wina a Asiyatu analawirira kudzapempha mandimu, n'kupeza mlamu wawo atagwada kuseri kwa nyumba, akukwirira singano. Mwamuna akudandaula kuti akubayidwa ndi singano, mkazi akukwirira singano. Pofika masana nkhani inali itafika kumsika, pofika madzulo a Mwanaisha anali atasanduka mfiti imene inadya ana ake ali m'mimba.

Abale anaitanitsa bwalo Lachisanu, potuluka ku swala, mapemphero a kumzikiti. M'mawa mwake ndinapeza a Mwanaisha atamanga kale mtolo wa zovala. Ndinamva ndi makutu anga akuwachonderera amuna awo.

"Musanene, bambo. Ine ndipita ku Chia, ufiti sudzandipha. Inu mukanena, nsalu azibweretsa ndani?"

Amalume anangowauza kuti akhale pakampando, pali mkanjo woti umalizidwe.

Anthu anadzaza khonde lomwelo: ankhoswe, abale, shehe uja wa mkanjo waufupi, ndi ena amene sanaitanidwe koma makutu awo anawatsogolera. Singano anazifukula n'kuziika m'mbale yoyera, zadzimbiri, kuti aliyense aone. A Asiyatu anayankhula akulira, ndipo misozi yawo inali yeniyeni. Ndikunena zimenezi chifukwa ndi zimene zimandipweteka kwambiri: ankawakondadi mlongo wawo.

"Achimwene, onani nokha. Izi tazifukula kuseri kwanu. Mukufunanso umboni wanji? Mwana sanakuberekereni, lero wakhala kale pamakina anu, mawa akuikani m'manda. Mpatseni talaka, ukwati uthe, azipita kwawo. Ife ndife asilikali anu, achimwene. Sitingaonerere mukuphedwa."

Amalume anaseka. Kunali kuseka koipa, kopanda chimwemwe. Anachotsa mapini pamilomo, imodziimodzi, n'kuwabaya pakansalu. Kenaka anapisa m'thumba la mkanjo, anatulutsa botolo la mankhwala n'kuliimika pathabwa la makina.

"Asilikali. Mwanena bwino, achemwali, mawu amenewo ndimawadziwa. Botolo ili mukuliona? Ine ndili ndi kachilombo ka HIV. Ndinakatenga ku Dwangwa ndi miyendo yanga yomweyi, palibe anandituma. Mayi awa alibe, anayezetsa. Akanafuna kundithawa akanathawa kalekale, ndipo shehe ali apawa akanawapatsa chilolezo."

Wina amene anali pafupi ndi makina anasendera kumbuyo, ndipo amalume anamuona.

"Senderani ndithu, thalauza mwavalalo ndinasoka ndine. Tsopano mverani. Mapazi awa sanawatchere munthu. Akuwatentha ndi asilikali a m'thupi mwanga momwemu. Akufuna kupha mdani, koma akuphonya n'kumatentha ine mwini wake. Amandikonda kwambiri, ngati inuyo, achemwali. Singano zimenezo amakwirira kuti ndisaziponde, poti phazi langa silimvanso. Munthu mmodzi yekha pano amene amanditeteza osandiwotcha ndi amene mwamubweretsera mbaleyo."

"Achimwene, matenda amenewo musamatchule pagulu..."

"Ufiti mwautchula pagulu. Asilikali a m'thupiwa sindingawathamangitse, ndifa nawo. Koma inu ndingathe. Chokani pakhonde panga. Ndipo singanozo mukazibwezere pamene mwazitenga, ndingaziponde."

Shehe anayang'ana pansi, kenaka anati mlandu palibe, aliyense azipita. A Mwanaisha anamasula mtolo wawo madzulo omwewo.

Musaganize kuti choonadi chinawalipira. Idi ya chaka chimenecho pakhonde panalibe munthu. Kunamveka kuti telala amadzibaya chala posoka, ndiye kachilombo kamatsalira m'msoko. Anthu opemphera, anthu oti ena anapita kusukulu, ananyamula nsalu zawo kupita nazo kwa anyamata a kumsika amene mkanjo amausoka ngati thumba la mpunga. Banja lija linagona ndi njala masiku ena, ndipo mwa asilikali onse amene anadzaza khonde Lachisanu lija palibe anabwera ndi kambale ka ufa. A Asiyatu nawo sanagonje. Anangosintha funso.

"Nanga bwanji iyeyo alibe? Kugona mphasa imodzi zaka zonsezi osatenga, si mankhwala amenewo?"

Zoti zimachitika, kuti m'banja wina amakhala nako wina alibe, anauzidwa kangapo konse. Koma munthu amene wasankha kale mfiti yake, ngakhale umuonetse dzuwa amati ndi mwezi.

Makasitomala anabwerera pang'onopang'ono, poti msoko wabwino sukhala ndi m'bale. Panabweranso ena achilendo, onyamula thalauza lopanda chilema n'kumati liikidwe chigamba. Ankadikira kuti pakhonde pachoke anthu, kenaka n'kunong'ona kuti nawonso zala zayamba dzanzi. Amalume sankadziwa kunong'ona. Ankawakalipira kuti apite kuchipatala lero lomwe mtsempha usanafe, kuti asasiye mankhwala, ndipo kuti akakumana ndi munthu wa lumo athawe. Ena mwa anthu amenewo ndinawaona Loweruka pamkeka, akuvomereza za nyamakazi.

Ndinawafunsapo kamodzi ngati sankadandaula kuti anaulula. Anandiyang'ana ngati ndabwera ndi kabudula wonunkha usipa. Anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: matenda anali awo, manyazi anali awo, ndiye panalibe chifukwa choti mwana wa eni ake akawasenzere mpaka ku Chia. Anatinso chimene chinkawapweteka si mapazi ayi, koma kuti anadikira mpaka mbale ya singano itafika pakhonde. Atatero anandituma kuti ndikagule makala, nkhani n'kuthera pomwepo.

Anakhala zaka zambiri pambuyo pake, mpaka ndevu zinayera mbuu. Ankayenda ndi ndodo, moponda ngati akuwoloka dambo, a Mwanaisha ali pambali. Chinawatenga ndi chibayo, mwera wa chaka chino utalimba. Tsiku lomaliza m'chipatala anakwanitsabe kumuuza namwino kuti amene anapinda mpendero wa diresi lake akamangidwe.

Sadaka itatha Loweruka, shehe ndi alendo atabalalika, abale anakhala pansi kugawa katundu. Sanadikire n'komwe kuti mbale zitsukidwe. Atafika pa makina, mwana wamwamuna wa a Asiyatu, amene ntchito yake ndi kabaza ndipo sadziwa ngakhale kulowetsa ulusi pasingano, anamasula mutu wa makinawo n'kuunyamula paphewa. Ndinaimirira, ndinawakumbutsa amene wakhala akuponda makinawo zaka zonsezi, ndinatchula dzina la matenda aja mokweza mpaka azimayi ena anagwira pakamwa. Anandiuza kuti ndine mwana, ndikhale pansi. A Asiyatu anayang'ana kuwindo n'kuyankhulanso mokweza.

"Miyendoyo musiyireni. Si imene amaidziwa?"

Dzulo ndinapitako kukawasiyira a Mwanaisha nsomba. Pakhonde pali miyendo yachitsulo ija ndi thabwa lake. Pakati pa thabwapo pali chibowo pamene panali mutu, moti ukasuzumira umangoona pansi. Lamba akulendewera, alibe chogwira. Ndinaika phazi pachopondera, gudumu linazungulira bwinobwino, mopepuka, osasoka kanthu. Odutsa pamsewu saimanso, poti palibe wowatukwana. M'nyumba muli chete, mayi aja akuwerenga tasibihi, mikanda yopempherera, kuseri kwa chitseko, ndipo eda yawo itha mvula isanagwe. Pakhondepo palibenso munthu woti anene kuti chokani. Mwana wa a Asiyatu wayamba kale kugoneka njinga yake pamenepo, ndipo amaimangirira ndi unyolo ku miyendo ya makina.